Galimoto Imene Atsibweni Sanaikonze

Galimoto yanga ndinaigula nditatopa ndi kabaza. Ndinali nditaphunzitsa zaka zambiri pa sekondale ina pa boma la Mchinji, ndipo tsiku lina mvula itandinyowetsa ndili pa keliyala ya munthu amene ndinamuphunzitsapo ndekha, ndinati basi, zakwana. Inachokera ku Japan, yoyendapo kale, koma kwa ife inali yatsopano. Ilibe kiyi wopotokola, umangodina batani. Ilibe kilachi. Ukaiwala lamba imalira, ukamabwerera m'mbuyo imaliranso, ndipo ukangoiliza m'mawa mumamveka mawu a mayi wina waulemu kwambiri akulankhula Chijapanizi. Mpaka lero sindidziwa ngati mayiyo amandipatsa moni kapena amandichenjeza.

Kwathu ndi kufupi ndi Kachebere. Kumeneko kuli atsibweni anga, achimwene awo a mayi anga, amene ndiwo eni mbumba yathu. Ndi makaniko, ndipo sukulu yonse imene ndinaphunzira inatuluka m'sipanala yawo. Galaja yawo ndi bwalo chabe, pansi pa mtengo waukulu wa m'bawa umene anamangirirapo tcheni chokwezera injini. Nthawi imeneyo pabwalopo sipankasowa ntchito. Pankakhala mapikapu onyamula fodya ochokera ku Chiosya, injini za zigayo, nthawi zina thirakitala, ndipo eni ake ankakhala pa benchi kudikira ngati kuchipatala. Atsibweni ankaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini ikulira, chigwiriro n'kuchiika kukhutu, kenako n'kunena chimene chavuta. Kuyambira ku boda mpaka pa boma, munthu akati galimoto yamukanika, ankamulozera pansi pa m'bawa uja.

Mu mbumba yathu chinthu chilichonse chokhala ndi injini chimayamba chakaonekera kwa iwo, monga mmene amakaonekera mwamuna wofuna banja. Palibe anakhazikitsa lamulo limeneli, koma palibenso amene analiphwanyapo. Choncho Loweruka loyamba ndinapita nayo.

"Tsegulani boneti, aphunzitsi," anatero. Ankanditchula choncho akafuna kundiseka.

Ndinatsegula. Anayang'ana chivindikiro chakuda cha pulasitiki chimene chinaphimba zonse, nayang'ananso ine.

"Injini ili kuti?"

"Ili pansi pomwepo, atsibweni."

"Nanga aibisiranji ngati mwana wa m'chikuta? Ikuopa ndani?"

Anthu a pa benchi anaseka, inenso ndinaseka. Anamvetsera ndi sikuludiraiva yawo kwa kanthawi, nati imeneyi ndi yosunga chinsinsi, koma injini ndi injini basi, imafuna mafuta, moto ndi mpweya. Ikadzadwala ndidzabwere nayo.

Inadwaladi mvula isanathe. Pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu, ndipo galimoto inayamba kufooka pachitunda ngati ndanyamula matumba a simenti. Atsibweni anakhala nayo tsiku lathunthu. Anamasula mapulagi n'kuwatsuka, anapopa fyuluta ya mpweya, anachotsa batire n'kuibwezeranso. Atailiza, kanyali kanali katazima. Anapukuta manja ndi chisanza monyadira, ine ndinagwada n'kuthokoza. Ndisanafike n'komwe pa boma, kanyali kanayakanso.

Mphunzitsi mnzanga ndiye anandiuza za galaja ina ya ku Chipata, kumene ali ndi makina owerenga matenda a magalimoto oterewa. Ndinapita, nditadutsa chintchito cha mapepala a galimoto pa boda. Mwini galajayo sanatsegule n'komwe boneti. Analumikiza kachipangizo pansi pa chiwongolero, nayang'ana pa galasi lake, n'kundiuza kuti yafa sensa, kachinthu kochepa ngati chala kamene kamauza kompyuta ya galimoto kuchuluka kwa mpweya. Analibe. Anaitanitsa ku Lusaka, inabwera yolakwika. Anaitanitsanso, ndinadikira masabata, ndikuyenda pa kabaza yemwe uja galimoto ili pakhomo. Ndinkapsa mtima tsiku lililonse. Ndinkadzifunsa kuti munthu wanzeru zake angapange bwanji galimoto yoti kachala kamodzi kakafa thupi lonse ligone, ndipo kachalako osapezeka m'boma lonse la Mchinji.

Sensa yoyenera itafika, galimoto inachira. Lamulungu lotsatira ndinapita kumudzi kukaona mayi, ndipo atsibweni anandiona ndikukwera kachitunda ka pafupi ndi kwawo mosavuta.

"Ikuyenda bwanji?"

"Ikuyenda bwino, atsibweni."

"Ndinakuuza. Anali mapulagi."

Sindinaname pamenepo, galimoto inkayendadi bwino. Ndinangokhala chete pamene ndinayenera kulankhula, ndipo ndinadziuza kuti ndi ulemu. Akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ineyo ndinaiviikadi, ndipo ndinapitiriza kuiviika kwa nthawi yaitali.

Kuyambira pamenepo matenda aliwonse a galimotoyo ankachizidwa kawiri. Loweruka pansi pa m'bawa, mkati mwa sabata ku Chipata. Itayamba kutentha, atsibweni anachotsa themositati, yowongolera madzi oziziritsa injini, n'kuitaya, monga amachitira ndi mapikapu, nati zimenezi ndi za kumayiko ozizira. Ku Chipata anaikamo ina, nandifunsa ngati ndili ndi mdani. Pamene mawindo anakana kutsika, atsibweni anadula waya n'kulumikiza mwa njira yawo, ndipo mawindo anatsikadi, koma nyali za kumbuyo zinasiya kuzima. Ndinkatukwana galimoto ndili ndekha m'njira. Ndinkatukwana amene anaipanga, amene anandigulitsa, ngakhale mayi wa Chijapanizi uja. Atsibweni okha sindinkawatukwana, chifukwa ndikawaona atagona chagada pa chiguduli pansi pa galimoto yanga, ndi msana wawo wovuta uja, mtima unkandiwawa. Komanso ndinene zoona, ndinkasangalala anthu a kumudzi akamati mwana uyu sanaiwale kwawo, galimoto yake amakonzetsa kwa atsibweni ake. Mbiri imeneyo inkandikomera ndipo sindinkafuna kuitaya.

Kenako panabwera nkhani ya oyilo. Galimoto inayamba kunjenjemera ponyamuka. Atsibweni anati oyilo wa m'giyabokisi watha mphamvu. Anamukhetsa yense, nathiramo oyilo wofiira amene amathira m'magalimoto a otomatiki akale. Mawa lake ndinali ku Chipata. Mwini galaja anatulutsa kandodo koyezera, naona kufiira kwake, n'kugwira m'chiuno.

"Ba madamu, ni ndani anaika vimenevi mu motoka?"

"Winawake kwathu."

"Uyo winawake mumuuze aleke. Giyabokisi iyi ilibe magiya monga zakudala, ili na lamba wa nsimbi mukati. Ifuna oyilo yake chabe. Iyi yofiira lamba imaterera, imadyeka pang'onopang'ono, manje tsiku limodzi motoka yaima. Mwachita bwino kubwera lelo."

Anakhetsa, anatsuka, anathira woyenera. Chonjenjemeretsa chenicheni chinali koyilo imodzi ya moto, nayonso anaisintha. Mawu akuti mumuuze aleke ndinawamva bwinobwino. Ndinawanyamula kudutsa nawo pa boda, ndinadutsa nawo pa mphambano yokhotera kwathu, ndinakafika nawo kunyumba kwanga pa boma. Ndinati ndidzawauza tsiku labwino, pamene sipadzakhala anthu pa benchi.

Pa boma pali bambo wina wa sitolo ya nsalu ndi ziwiya, Msilamu wofatsa amene ndakhala ndikugula kwa iye kuyambira ndili ku koleji. Nayenso anali atagula galimoto yamtundu ngati wanga, yotalikirapo pang'ono, imene ankanyamulira katundu kupita naye m'misika ya ku Dambe ndi ku Chiosya. Tsiku lina masana ndinalowa kukagula chitenje. M'sitolo munali anthu, ndipo pakati pawo panali amayi awiri a m'mudzi mwathu akusankha mapoto.

"Aphunzitsi, mwabwera bwino," anatero akupinda chitenje changa. "Yanga yayamba kunjenjemera ponyamuka. Atsibweni anu ndinakumana nawo, akuti yanu inkachita chimodzimodzi ndipo anaichiza tsiku limodzi. Akuti yanu amakonza ndi iwo nthawi zonse. Ndi zoona?"

Amayi aja anasiya mapoto n'kutchera khutu. Ndinadziwa kuti chimene ndinene chikafika kumudzi dzuwa lisanalowe.

"Ndi zoona," ndinayankha.

Ndikanalekera pomwepo mwina ndikanadzikhululukira pang'ono. Koma ndinawonjezera ndekha, popanda wondifunsa, kuti atsibweni ali ndi dzanja, palibe galimoto imawakanika. Amayi aja anagwedeza mitu mokhutira. Bambo uja anathokoza, nandiikira chitenje m'jumbo.

Ndinatuluka ndikudziuza kuti Loweruka ndithamangira kumudzi kukanena za oyilo. Loweruka linafika ndili ndi mulu wa mayeso oti ndichonge. Lotsatira kunali maliro a mnzathu wa kuntchito. Zifukwa sizisowa kwa munthu amene akuopa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma pano amene anakwawa si ine.

Galimoto ya bambo uja inayenda masabata angapo ndi oyilo wofiira, itadzaza katundu, m'misewu ya fumbi. Kenako inaima panjira ya ku Chiosya tsiku la msika, injini ikulira koma matayala osasuntha. Anaikoka ndi thirakitala mpaka pansi pa m'bawa. Atsibweni anatsitsa giyabokisi n'kuitsegula, poganiza kuti apezamo magiya amene akhala akuwadziwa moyo wawo wonse. Anapezamo lamba wachitsulo ataduka, tizidutswa take mbwee m'oyilo. Anatiyala pa thumba la feteleza, natiyang'ana masiku ambiri. Sanathe kubwezera chilichonse.

Galimotoyo inakhala pabwalo ili pamiyala, nkhuku zikugona kunsi kwake, aliyense wodutsa pamsewu akuiona. Bambo wa sitolo sanalalate, si munthu wotero, koma anasiya kupita m'misika, ndipo anthu akamufunsa chifukwa ankayankha zoona. Nkhani inayenda. Ena ankati atsibweni maso atha, ena ankati akalamba, ena ankati akhala akungoyerekeza kuyambira kale. Eni mapikapu anayamba kudutsa osaima. Mwini chigayo wina amene injini yake atsibweni anaidzutsa kangapo anaitengera kwa munthu wina pa boma. Zimenezi zinandipweteka kwambiri, chifukwa pa injini ya chigayo palibe angawapose m'dera lonselo. Benchi inakhala yopanda munthu.

Ine ndinasiya kupita kumudzi. Ndinkawaimbira foni mayi n'kunamizira ntchito.

Atsibweni ndiwo anandiitanitsa. Ndinawapeza masana atakhala pa benchi paja okha, atavala ovolosi yoyera bwino, chifukwa panalibe choidetsa. Tinapatsana moni, anafunsa za ana a sukulu, kenako analoza galimoto ya pamiyala ija.

"Anthu akuti ndaononga galimoto ya mwini wake. Ine ndaganiza usana ndi usiku, sindikupeza pamene ndinalakwitsa. Zimene ndinachita apa ndi zomwe ndinachita pa yako. Oyilo yemweyo, wa m'chigubu chimodzi. Yako ikuyenda, si iyo waimika apoyo?"

"Ikuyenda, atsibweni."

"Ndiye vuto linali m'galimoto mwakemo, inabwera yodwala kale. Tamvera tsono. Loweruka ubwere nayo yakoyo. Ndiitana bambo uja, ndiitana ndi ena. Ndikhetsa oyilo pamaso pawo, ndithira wofiira, ndipo uziyenda nayo onse akuona. Sindikufuna kukangana ndi munthu, ndikungofuna aone kuti manja awa sanafe. Dzina langa latsala m'galimoto yako, mwanawe."

Analankhula modekha, ndi chikhulupiriro chonse. Ndinaganiza zovomera. Ndithu ndinaganiza kuti ndilole athire, Lolemba ndithawirenso ku Chipata, dzina lawo libwerere. Kenako ndinaona m'maganizo munthu wachitatu akubwera ndi galimoto yake pansi pa m'bawa, ndi wachinayi. Ndinatsika pa benchi n'kukhala pansi, pa dothi lakuda ndi oyilo.

"Atsibweni, oyilo uja sanakhalitse m'galimoto yanga. Anagonamo tsiku limodzi. Mawa lake ndinapita nayo ku Chipata, anamukhetsa. Anati giyabokisi yamtunduwu siifuna wofiira, amadya lamba."

Anayang'ana galimoto yanga, nayang'ana ya pamiyala.

"Nanga za kanyali zija?"

"Nazonso anakonza ku Chipata."

"Pamene inkatentha?"

"Nazonso."

"Ndiye ine ndinakonzapo chiyani pa galimoto imeneyi?"

Ndinafunafuna m'mutu kuti ndipeze ngakhale chimodzi. Sindinachipeze.

"Bambo uja atakufunsa m'sitolo, unkadziwa za oyilo?"

"Ndinkadziwa."

"Unandibisiranji?"

"Ndinkakupatsani ulemu, atsibweni."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Sanakweze mawu, bola akanakweza.

"Amene satsutsidwa ndi maliro okha. Ine ndikanali moyo, ndikadatha kuphunzira. Ukanangoti atsibweni, oyilo uyu ayi, ndikanakwiya tsiku limodzi, mawa ndikanakafunsa. Iwe unaona kuti ndatha kale."

Ndinalira, koma iwo sanandiyang'ane. Analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete imene amapita nayo kutchalitchi, natenga njinga yawo yakapalasa. Ndinawapempha kuti ndiwaperekeze pa galimoto. Anati njinga amaidziwa.

Zimene zinachitika pa boma ndinazimva kwa anthu. Akuti analowa m'sitolo muli ogula, anavula chipewa, nanena kuti galimoto anaononga ndi iwo, anathira oyilo wosayenera chifukwa chosadziwa, ndipo mlandu wonse ndi wawo. Za kabwezedwe ka giyabokisi anakambirana awiriwiri. Ine nditafuna kulowererapo, atsibweni anandibweza ndi mawu amodzi, ndipo chaka chimenecho mtedza wawo wonse sunalowe m'nkhokwe.

Patapita masiku ndinalimba mtima n'kupita ndekha kusitolo, nditakonzeka kunena mbali yanga. Ndinadikira ogula atachepa.

"Bambo, tsiku lija munandifunsa za atsibweni, ine..."

Anakweza dzanja pang'ono kundiletsa.

"Aphunzitsi, atsibweni anu anabwera. Anati inu simunkadziwa kanthu, za magalimoto simuzitsata, munangoyankha monga mwana. Ananena pamaso pa anthu." Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti si munthu wopusa. "Mkulu uja wataya zambiri. Musamuchititsenso kukhala wabodza."

Ndinatuluka m'sitolomo. Mpaka lero pa boma anthu amandimvera chisoni, amati aphunzitsi aja anapulumuka, galimoto yawo ikanafanso. Ndimayankha kuti eya, n'kusintha nkhani. Ndimachita manyazi moti nthawi zina ndimazungulira njira kuti ndisadutse pa sitolo ija.

Pansi pa m'bawa ntchito siinabwerere ngati kale. Kumabwera njinga zamoto, mpope wothirira dimba mwa apo ndi apo. Atsibweni sanasinthe pa ine. Amandilandira, amafunsa za sukulu, nkhani za mbumba amandiitana monga kale. Kungoti dzina loti aphunzitsi anasiya kunditchula.

Mwezi wathawu mabuleki a galimoto yanga anayamba kulira. Ndinasangalala, chifukwa mabuleki alibe kompyuta, ndi zitsulo zimene atsibweni angasinthe atatsinzina. Ndinagula zofunika zonse pa boma, ndinafunsa kawiri kuti ndi zoyenera, n'kupita nazo kumudzi Loweruka m'mawa. Ndinaimika pansi pa mtengo, ndinatsitsa katoni ya zitsulozo n'kuiika patsogolo pawo.

"Ndi mabuleki okha, atsibweni. Ndikufuna mundikonzere inuyo."

Anatsegula katoni, natulutsa chimodzi, nachitembenuza m'manja. Ndinaona zala zawo zikuyeza makulidwe ake mwachizolowezi. Kenako anachibwezera, natseka katoni bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Pita nayo kwa amene amaidziwa, mwanawe. Ukadzandiuza kuti ikuyenda bwino, ine sindidzadziwa ngati ndi zoona."